Amai Aida Kuseri kwa Nkhokwe

Everlyn Phiri anali ndi situdiyo yake ku Jumbe, kachipinda kamodzi pakati pa shopu ya matayala ndi ya zitenje, moyang'anizana ndi pamene maminibasi a ku Mfuwe amaima. Makolo ake anatsika kuchokera ku Katete iye ali wamng'ono, kudzalima thonje kuchigwa kuno, ndipo anakulira pamsewu pomwepo. Chikunda ankachimva bwino ndithu, koma akati achiyankhule anthu ankangomwetulira n'kumuyankha m'Chinyanja. Ntchito yake inali yojambula anthu ataima chilili: zithunzi za pachitupa, ana omaliza giredi seveni, akwati atagwirana manja patsogolo pa nsalu yokhala ndi mathithi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, mawu amene ankatuluka kwambiri pakamwa pake anali akuti, "Musagwedezeke."

Tsiku lina mu Julayi kunabwera mayi wachikulire wamtali, fumbi lili mbuu kumapazi. Anati dzina lawo ndi a Tabeth, achokera ku Kakumbi, ndipo ndiwo amatsogolera gulu la amayi ovina nsongwe kumudzi kwawo. Mwana wa Everlyn, Kondi, anali ataphunzirapo ndi mdzukulu wawo, ndiye anayamba ndi dzina la mwanayo.

"Amake Kondi, ahedi a pasukulu yathu atipatsa khoma lonse la kalasi imodzi. Akuti tiikepo zithunzi za gule wathu, ana aziona. Amai anga anavina nsongwe mpaka tsitsi litayera, koma lero ndilibe ngakhale kachithunzi kamodzi kosonyeza mdzukulu. Ndikamuuza amangoti eya, eya."

"Ndibwera, amai. Mudzandiuze tsiku."

"Loweruka. Koma ndikuuziretu, sitikufuna zija zotiika pamzere ngati apolisi. Alendo a kumalodji amatijambula tsiku ndi tsiku, zithunzi n'kupita nazo kwawo. Ife tikufuna zathu, zotsala kuno, ndipo tikuvinadi."

Loweruka Everlyn anakwera minibasi ya m'mawa, anatsikira ku Mfuwe, kenako njinga yamoto inamupititsa m'kanjira ka pakati pa minda. Anthu anali atakolola kale. M'mbali mwa minda munali mukadali zingwe zokhala ndi nsanza zopakidwa tsabola zoingitsira njovu, ndipo pena ndi pena njira inali ndi maenje ouma a mapazi a njovuzo, otsala kuyambira nthawi ya mvula. Anafika dzuwa lili pamutu, koma a Tabeth anati gule ayamba fifitini awazi, kukazizirako.

Bwalo linali pansi pa mtengo waukulu wa bwemba. Amuna atatu anayatsa moto wa mapesi n'kumawamba ng'oma, akuziguguda ndi chala kuti amve ngati zikopa zakungika. Mmodzi wa iwo, wamfupi, wa imvi m'ndevu, anali ndi ng'oma yakale kuposa zinazo, yakuda ndi utsi, yomangidwa waya pamene inang'aluka.

"Awo ndi a Onesmus," anatero a Tabeth. "Ng'omayo inali ya akulu awo, a Benson. Anatisiya mu Malichi. Kuno kunalibe woimba ng'oma ngati iwo. Lero m'pamene ituluke koyamba chimwalirire eni ake."

Gule atayamba, Everlyn anaona msanga kuti ntchitoyi sinali ngati ya kusitudiyo. Amayi khumi ndi anayi, zitenje zokulungiza m'chiuno, mangenjeza kumiyendo, ankalowa m'bwalo awiriawiri, ndipo Everlyn akangokweza kamera, amene anali patsogolo pake ankayang'ana iyeyo, kumwetulira, thupi n'kuuma. Ena ankaima kumene kuti awajambule bwino. Fumbi linkakwera, mthunzi wa bwemba unkadula nkhope pakati. Zithunzi makumi atatu zoyamba zinali za zigongono, misana ndi mano.

Anatsitsa kamera n'kukhala pachitsa. Kwa kanthawi anangoonerera ngati wina aliyense. Anayamba kuzindikira kuti ng'oma yaikulu ikagunda kawiri motsatizana, wovina amagwetsa phewa lakumanja n'kutembenuka, ndipo pamenepo maso ake amakhala pa ng'oma, osati pa mlendo. Anaimirira n'kumadikira kugunda kuwiriko. Amayi aja nawonso anali atatenthedwa, nyimbo itawalowa, ndipo anamuiwala. Apa ntchito inayamba kuyenda. Anagwira a Tabeth wezulo ili kukamwa, dzanja lili m'mwamba. Anagwira mapazi anayi ali m'malere pamwamba pa fumbi. Anagwira manja a Onesmus pachikopa, thukuta likutsika m'mikono.

Dzuwa litapendeka, kuwala kunayamba kumulasa m'maso, choncho anazungulira kunja kwa anthu oonerera kuti lizikhala kumbuyo kwake. Njira yake inadutsa pafupi ndi nyumba ina yofolera udzu, patali pang'ono ndi bwalo. Kuseri kwa nkhokwe ya nyumbayo kunakhala mayi wina pamphasa, duku lakuda kumutu, akuswa mtedza m'lichero. Everlyn anamulonjera, "Mwaswera bwanji, amai," mayiyo n'kuyankha motsitsa mawu, osadzutsa mutu kwenikweni. Everlyn anapitirira, anapeza chulu chaching'ono n'kukwerapo.

Ali pachulupo, ng'oma yakale ija inasintha kaimbidwe. Inayamba kugunda mwaulesi, ngati ikuzengereza, kenako katatu mofulumira, n'kubwereranso ku ulesi uja. Amayi a m'bwalo anaimba nthungululu, koma panalibe amene analowa pakati. Bwalo linakhala lopanda munthu, ng'oma ikuitanabe. Everlyn anacheuka kufuna kuona amene akudikiridwa, ndipo anaona mayi wa duku lakuda uja ataimirira kuseri kwa nkhokwe. Lichero linali pansi, mtedza utamwazika. Maso anali atatseka. Phewa linatsika, chiuno chinayankha ng'oma, mapazi opanda nsapato akupera dothi pang'onopang'ono, ndipo dzuwa la madzulo linamuwalira kuyambira kumaso mpaka kuzala za manja zimene anazitambasula pang'ono ngati wonyamula chinthu chopepuka.

Chala cha Everlyn chinadina chisanafunse mutu. Kamodzi kokha. Ng'oma inabwerera ku kaimbidwe kakale, mayiyo anatsegula maso, anakhala pansi msanga n'kuyamba kutola mtedza. Anthu onse anali atayang'ana kubwalo, ndipo nkhokwe inali itamubisa.

Pobwerera, a Tabeth anamuperekeza mpaka pamene njinga yamoto inkadikira. Everlyn anafunsa ngati wongofunsa kuti mayi wa panyumba ija ndani.

"Ndi a Aida, akazi a malemu a Benson. Ndiwo anali mutu wa gule wathu, ine ndangogwirizira. Panopa sangayandikire bwalo. Wamasiye savina mpaka akuchimuna atamumasula, ndipo kwa iwo n'chaka chamawa mvula ikatha."

Everlyn anatsanzika n'kukwera njinga yamoto ija.

Lolemba anakhala tsiku lonse pa laputopu akusankha. Pa zithunzi mazana anayi anapatula makumi awiri ndi zisanu zabwino, zina zabwino kwambiri. Koma nthawi iliyonse ankabwerera ku chija cha kuseri kwa nkhokwe. M'zinazo munali anthu akuvina bwino. M'chimenechi munali chinthu chimene a Tabeth ankalephera kufotokozera mdzukulu wawo. Ankachiyang'ana n'kumva ng'oma, ngakhale m'chithunzimo munalibe ng'oma.

Masana kunadutsa mnzake Charity, amene amagulitsa madengu ndi ziboliboli kufupi ndi eyapoti. Anasuzumira pa laputopu akudikira minibasi, ndipo anaona chija cha kuseri kwa nkhokwe.

"Ichi uchikulitse, undipatse ndikachipachike kushopu, dzina lako lili pansi. Aliyense wotsika ndege adzaima. Anthu adzadziwa kuti ku Jumbe kuli wojambula."

"Mwini wake sadziwa n'komwe kuti ndinamujambula."

"Nanga si anali pagule? Pagule aliyense amajambulidwa."

"Sanali pagule. Anali kuseri kwa nkhokwe yake."

Charity anagwedeza mapewa n'kuthamangira minibasi. Everlyn anatseka laputopu. Mawu a mnzakeyo anamukomera, zimenezo sakanakana, ndipo kwa masiku awiri ankadzipeza akuganiza kukula kwa felemu imene ingachiyenere. Kenako ankakumbukira mmene mayi uja anakhalira pansi mofulumira, ngati mwana wogwidwa akutapa shuga. Lachinayi anatsuka zithunzi zonse zimene anasankha. Makumi awiri ndi zisanu zija anaziika m'katoni, chimodzi chija anachiika m'envulopu yakeyake n'kuilowetsa pansi pa chikwama.

Loweruka lotsatira amayi anasonkhana pakhonde pa a Tabeth, ndipo zithunzi zinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Kunali kuseka ndi kukanirana. Wina anati Everlyn wamunenepetsa, wina anati amene watsegula kukamwa ngati ng'ona pamchenga si iye. A Tabeth anatenga chawo cha wezulo, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti khosi limenelo ndi la amai awo. Pamene amayiwo ankakangana za chithunzi choyenera kukhala pakati pa khoma, Everlyn anadzuka mwakachetechete n'kulunjika kunyumba yofolera udzu ija.

Anapeza amai Aida akupeta mapira. Anamupatsa kampando, anafunsana za moyo ndi za ana, ndipo Everlyn anazungulirazungulira mpaka mawu a moni atatha.

"Amai, ndabwera ndi mlandu. Tsiku la gule lija ndinakujambulani osakupemphani. Ndinali pachulu apo."

Amai Aida anasiya kupeta. Sanafunse kuti anawajambula akutani. Anapukuta manja pachitenje n'kulandira envulopu, anatulutsa chithunzi n'kuchigwira m'mbali ndi nsonga za zala, patali pang'ono ndi maso. Nkhuku zinayandikira lichero la mapira ndipo palibe amene anaziingitsa.

"Ndani wachiona?"

"Ine ndi mnzanga mmodzi wa ku Mfuwe. Iye sakudziwani. Kuno palibe, ngakhale a Tabeth. Mukati ndichifufute m'makina, ndichifufuta pompano inu mukuona, ndipo ichi mungachiotche."

Amai Aida anayang'anabe chithunzicho.

"Ndiye ndimaoneka chonchi," anatero. "Ndinayamba kuvina ndili namwali, koma sindinadzionepo. Za alendo zija amangotionetsa pakagalasi kakang'ono, tisanaonetsetse achotsa. Phewa ili ndimaganiza kuti ndimalitsitsa kwambiri."

"Munavina bwino, amai."

"Sindinavine, mwanawe. Inali miyendo yokha. Kaimbidwe kaja anakayambitsa atate a m'nyumba muno, tisanakwatirane n'komwe. Ndinali wamanyazi, ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga, ndiye iwo akafuna ndilowe ankagunda chonchija. Mudzi wonse unadziwa kuti kakamveka kameneko, bwalo ndi la Aida. Zaka makumi atatu. Tsiku lija ndinangomva akundiitana, ndipo pozindikira ndinali nditaimirira kale."

Anayala chithunzicho pamwendo n'kuchisalaza ndi chikhato, ngakhale sichinali chopindika.

"Sabata yonseyi sindinakhale bwino. Ndimati mwina wina anandiona, akungondisungira. Alongo a malemu akamadutsa ndimayang'ana nkhope zawo. Tsopano ukuti ndiotche. Ndikaotcha pepala, chinachitikacho chipsa?"

Amai Aida anadzuka, anapita kumpanda n'kuitana m'Chikunda kunyumba ina yapafupi. Posapita nthawi a Onesmus anafika, kasemasema ali kumanja, chifukwa anali akusema mpini. Analonjera Everlyn n'kukhala pamtondo wogwetsedwa.

"Alamu, onani ichi. Ndafuna muchione kuchokera m'manja mwanga, osati muchimve kwa anthu."

A Onesmus anaika kasemasema pansi. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhokwe, anayang'ananso chithunzi. Everlyn anadziwa kuti anali atabweretsa yekha chinthu chimene chikanayambitsa mlandu pamudzi wa eni.

"Ngati pali wolakwa, alamu, ndi ine," anatero a Onesmus pomaliza. "Sindinakonze kuti ndiimbe kaja. Ndinaphunzira ng'oma nditakhala pambali pa akulu anga, ndipo nyimbo ija ikafika pamenepo, manja amadziwa chotsatira. Nditazindikira, bwalo linali lopanda munthu. Ndinachita manyazi. Ndimati ndakubayani pabala, n'chifukwa chake sabata ino sindinaponde pakhomo pano."

"Ine ndimati mwakwiya."

"Ndikwiye chiyani? Munthu akakuitanani mumayankha."

Kukhonde kwa a Tabeth kunkamvekabe kuseka.

"Koma alongo anga aakulu sadzaziona choncho," anapitiriza a Onesmus. "Mukuwadziwa. Ndipita ndikawauze ndekha madzulo ano, asanamve kwina. Ndidzayamba ndi za manja anga." Kenako anatembenukira kwa Everlyn. "Inu amai, ichi chisapite kusukulu kapena kwina kulikonse. Si kuti n'choipa. Koma mwambo sunathe, ndipo si wathu tokha awiri."

"Sichipita kulikonse, atate."

"Usachifufute," anatero amai Aida. "Nyumba zathuzi zimadontha, chiswe chimalowa. Uchisunge m'makina mwakomo, koma chikhale chotseka. Ichi chokhacho nditsala nacho."

Anachibwezera m'envulopu n'kulowa nacho m'nyumba. Potuluka anali ndi kambale ka masau ouma, anakathira m'pepala n'kupatsa Everlyn kuti akapatse Kondi. Anayambanso kupeta mapira, ndipo a Onesmus anakhalabe pamtondo paja, akufotokoza za njovu ziwiri zimene zinaoneka kudimba dzulo lake, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali osacheza ndipo nkhani zamuunjikira.

Zimene zinatsatira Everlyn anazimva kwa a Tabeth pafoni. Alongo aakulu a malemu anakwiyadi. Anati masiku ano anthu salira maliro, amangodikira ng'oma, ndipo kwa milungu iwiri sanalonjerane ndi amai Aida. Kenako tsiku lina anapita okha kunyumba kuja n'kupempha kuti aone chithunzicho. Anachiona, anati mlongo wawo anali munthu wovuta, ngakhale ali kumanda salola mkazi wake kukhala pansi, ndipo anabwereka lichero n'kumapita. Nthawi yomasula wamasiye sanaisinthe, ndipo amai Aida sanapemphe kuti aisinthe.

Charity anafunsanso kawiri za chithunzi chija. Kachitatu Everlyn anamupatsa cha mapazi anayi pamwamba pa fumbi, atapempha kaye eni mapaziwo, ndipo chinapachikidwa kushopu pakati pa madengu. Ena ankaima, ena ankadutsa.

Mu Seputembala, sukulu zitatsegulira, Everlyn anabwereranso ku Kakumbi ndi mafelemu, misomali ndi hamala. Ahedi anawatsegulira kalasi ana ataweruka. Kunkatentha, mazenera onse anali otsegula, ndipo a Tabeth ankaloza pamene chithunzi chilichonse chikhale, n'kusintha maganizo msomali utalowa kale. Ahedi anapempha kuti pansi pa chithunzi chilichonse palembedwe dzina la wovina ndi mawu oyamba a nyimbo imene inkaimbidwa. Mayina sanavute. Nyimbo ndiye zinavuta. A Tabeth ndi amayi ena awiri anayang'ana chithunzi chachinayi n'kutchula nyimbo zitatu zosiyana, aliyense akulumbira kuti yake ndiyo.

"Kaitaneni a Aida," anatero a Tabeth atatopa. "Kalasi si bwalo. Palibe mwambo woletsa wamasiye kuyang'ana khoma."

Amai Aida anabwera ndi duku lawo lakuda, anaima pakhomo kaye, kenako analowa. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, manja ali kumbuyo. Pa chithunzi chachinayi anayang'ana mapazi a ovinawo, osati nkhope, ndipo anatchula nyimbo imene panalibe anaitchula. Amayi aja anayang'anana n'kuvomera. Everlyn anakhala pa desiki ya mwana, mawondo akugunda thabwa, n'kuyamba kulemba patimapepala. Mawuwo anali a Chikunda, ndipo amai Aida anawerama pambali pake akumutchulira limodzilimodzi.

"Ayi, pamenepo mwalemba Chinyanja chanu," anatero. "Fufutani. Tiyambirenso."

Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa litafika pamwamba pa mitengo ya kumadzulo. Zinatsala zithunzi zisanu ndi chimodzi zopanda mawu, ndipo anapangana kuti adzamalize Lachitatu.